Bala Lobisika pa Ndodo ya Gunnar

Ndodo ya Gunnar Thorlakson inathyoka Lamlungu masana, tauni yonse ya Brekka ikuonerera. Unali mpikisano wa hoki wa madoda, aja a mimba zotsogola ndi mawondo olira, koma anthu anadzaza m'bwalo la ayezi ngati kukubwera nduna. Gunnar anakweza ndodo mpaka m'phewa n'kumenya kamphira kolowa m'malo mwa mpira ndi mphamvu zake zonse, monga achitira masiku onse. Kunamveka phwaa! Kamphira sikanasunthe n'komwe. Chimene chinauluka chinali phazi la ndodo, mbali yokhota yomenyera kamphira, ndipo linakatera pankhope pa woyimbira masewero, Wally Friesen, pa diso lakumanzere.

Orest Hlady, wapolisi wa m'tauniyo, anali pomwepo pa ayezi, chifukwa ankasewera kumbuyo m'timu ya Gunnar yomweyo. Tisabise: ndodo itathyoka, asanaone magazi, mtima wa Orest unavina. Ndodo imene ija inali itamudwalitsa nyengo yonse yachisanu. Inali ya makono, ya ulusi wa kaboni, yopepuka ngati bango, ndipo Gunnar akamenya nayo, goloboyi ankangomva ukonde ukulira kumbuyo kwake. Orest ankaseweretsa ndodo yolemera ya pa selo, n'kumauza anthu kuti ndodo simwetsa chigoli, amamwetsa ndi munthu. Iye mwini sankawakhulupirira mawuwo.

Kaduka kake sikanayambe ndi ndodo. Kuyambira kusukulu, chilichonse chimene Orest ankachifuna, Gunnar ankayamba wachifika. Zigoli zinali za Gunnar. Bizinesi ya mathirakitala inali ya Gunnar. Ngakhale Lesia, mtsikana amene Orest anakulira naye tchalitchi chimodzi, anapita kwa Gunnar, ndipo Orest sanakwatire mpaka imvi.

Anthu akuthamangira Wally ndi matawulo, Orest anatola zidutswa ziwiri za ndodo ija. Anayang'ana pothyokapo, n'kuyang'ananso. Mbali imodzi inali yanyankhalala, ulusi uli yang'ayang'a, monga zithyokera ndodo zotere. Koma mbali inayo inali yosalala bwinobwino.

Munthu anali ataicheka ndi sowo.

* * *

Lolemba m'mawa madokotala anali asananene ngati diso la Wally lipulumuke, koma tauni inali itapeza kale wolakwa. Orest anam'peza Gunnar pabwalo lake la mathirakitala akukolopa chipale chofewa pa galasi la galimoto.

"Aise, nkhani iyi sikufunanso wapolisi," anatero Gunnar ndi mawu ake aja omveka kutsidya la msewu. "Ndi Remi Chartrand. Ndani ali ndi makiyi a bwalo? Remi. Ndani amasunga sowo yofupikitsira ndodo za ana? Remi. Ndani anakuwa m'chipinda chovalira kuti tsiku lina adzandithyolera ndodo pamsana? Iwenso unalipo, unamva."

"Ndinamva. Loweruka ndodoyi inagona kuti?"

"Kubwalo. Poyimika ndodo paja."

"Osati kunyumba?"

"Ndati kubwalo. Kodi makutu anakalamba limodzi ndi miyendo?"

Gunnar anaseka, koma anaseka yekha, ndipo maso ake anali pa galasi limene linali litayera kale. Orest anali atamudziwa munthuyu kuyambira ali ndi mamina, ndipo sanamuonepo akuyankhula osayang'ana mnzake m'maso.

"Ukudziwa kuti a sukulu amuimitsa Remi kuyendetsa basi ya ana?" anafunsa Orest. "Ndipo anyamata a Wally akuti ndikapanda kumumanga lero akamutenga okha?"

"Ndiye mmange, n'zimene boma limakulipirira."

* * *

Remi Chartrand anali m'kachipinda konolera zitsulo za kunsi kwa nsapato za pa ayezi kubwalo, atakhala pa ndowa yovundikira, manja ali m'khwapa. Anali munthu wamng'ono thupi koma wapakamwa potentha.

"Mwabwera ndi unyolo, bwana? Lowani. Chartrand alipo, wolakwa wa tauni. Galu wa munthu akasowa, Chartrand. Chipale chikachedwa, Chartrand."

"Unanena kuti udzamuthyolera ndodo pamsana."

"Ndinanena! Ndipo ndinena kachiwiri. Munthu wake sapatsira, akagwira kamphira amaiwala kuti tili asanu pa ayezi. Ndine amene ndimam'konzera zigoli, koma chithunzi m'nyuzi ndi cha iye ndi chindodo chakecho. Kodi inu sizikupwetekani? Musanamizire, bwana, nkhope yanu ndimaiona pa benchi."

Orest anapitiriza ndi mafunso ake. "Loweruka unali kuti?"

"Ndinapita ndi timu ya ana kumpikisano, tinagona komweko. Funsani makolo awo, alipo odzaza basi. Ndinabwera Lamlungu molunjika kumasewero, ndinavala ndili wefuwefu."

"Ukanatha kuicheka Lachisanu. Ndodo imagona pano."

Remi anaseka mpaka kutsokomola. "Imagona pano? Ndodo ya Gunnar? Bwana, munthu uja akanatha akanaifunditsa bulangete. Chiipezereni sinagonepo pano ngakhale kamodzi. Amapita nayo kunyumba, pampando wakutsogolo, mkazi kumbuyo. Wakuuzani zoti imagona pano ndani?"

"Mwini wake."

"Ndiye mwini wakeyo mum'funse chimene akubisa." Remi anatsitsa mawu. "Ndipo mum'funsenso kuti anaigula kuti. Chifukwa sanagule. Anapatsidwa."

"Ndi ndani?"

"Corinne Dyck wa sitolo ya zamasewero. Mphatso, bwana. Inu munapatsidwapo mphatso yotere ndi mkazi wosakhala mlongo wanu?"

Orest anatuluka m'bwalomo akuyenda ngati mnyamata. Kunja kunkazizira koti mphuno inkamatana, koma iye anamva kutentha. Gunnar wanama, ndipo pabodzapo pali mkazi. Zaka zonse zija anadikira kuti tsiku lina munthu uja adzaterereke, ndipo tsikulo linkaoneka ngati lafika. Anachita manyazi ndi chimwemwe chakecho, koma manyaziwo sanachichepetse.

* * *

Corinne Dyck anali mayi wa zaka makumi anayi, wamasiye, woseka ndi thupi lonse. Orest atayala zidutswa zija patebulo la sitolo, kuseka kunatha.

"Mayo, mwana wanga," anatero akusisita ndodoyo. "Ndani wakuchita chipongwe chotere? Bwana Hlady, ndodo iyi sithyoka chisawawa. Yamenyedwa ndi ndodo zinzake nyengo yonse, yapondedwa, yawombedwa kuchipupa, onani, zipsera zokhazokha za pakhungu. Simwa madzi, sifooka. Mukaikanikiza pa ayezi imapinda ngati uta, kenako imabweza mphamvu yonse ku kamphira. Koma m'kati mwake ndi mphako. Mukadula ulusi wake pang'ono pokha, basi, mwatchera msampha."

"Siyamba yachenjeza?"

"Imeneyo ndi yamtengo, ya nthawi yanu ija. Yamtengo imalira kaye, imang'aluka pang'onopang'ono, munthu n'kudziwa kuti yatopa. Iyi imakhala chete ngati ili bwino, mpaka tsiku loti iphulike."

"Munam'patsiranji Gunnar?"

Corinne anamuyang'ana, kenako kuseka kuja kunabwerera. "Aa! Ndiye zimene akunena m'tauni? Ine ndi Gunnar? Bwana, mundilemekeze. Mdala uja akakhala pampando amadzuka ndi nyimbo. Ndinam'patsa chifukwa ndiye amamwetsa zigoli. Iye akamwetsa Lamlungu, Lolemba ana amakokera makolo awo muno. Mukanakhala kuti mumamwetsa ndinu, ndikanakupatsani inuyo."

Mawu omalizawo anamulasa Orest pamalo pake penipeni.

"Akabwera muno," anapitiriza Corinne, "nkhani yake ndi imodzi: Lesia waphika chakuti, Lesia wanena chakuti. Amatopetsa. Ndipo ine ndili ndi wanga kale, woyendetsa sitima, wa mawondo ake abwinobwino." Anatembenuza phazi la ndodo lija n'kukwinya nkhope. "Koma tepi iyi si yanga."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Lachinayi anabwera nayo, tepi itatha. Ndinam'kulungira ndekha, yoyera, kuyambira kunsonga kubwerera kuchidendene. Iyi ndi yakuda, ndipo yayambira kuchidendene. Onani mizere yake, yolingana ngati yoyezera. Limeneli ndi dzanja lozolowera."

Orest anabwerera m'galimoto, natseka chitseko, n'kuyamba kumatula tepi ija pang'onopang'ono pamalo pothyoka. Tepiyo inali yong'ambika, osati yodulidwa, kusonyeza kuti sowo inadutsa tepi isanakulungidwe. Kumbali yomata kunali fumbi lakuda la kaboni. Wocheka ndi wokulunga anali munthu mmodzi, ndipo anachita zonsezo nthawi imodzi.

Kenako anainunkhiza. Osewera onse amapaka phula pa tepi kuti chipale chisakakamire, ndipo onse amagula la m'sitolo, lonunkhira ngati switi. Ili linali phula la njuchi, la timakandulo tija towonda timene amayi amayatsa kutchalitchi cha kwawo kwa Orest. M'tauni yonse ya Brekka munali munthu mmodzi yekha wopaka ndodo phula la kutchalitchi.

Orest anakhala m'galimotomo nthawi yaitali injini isanalizidwe. Khoswe anali atakhala pamkhate.

* * *

Lesia Thorlakson anali kukhitchini akumata mapirogi, tizitumbuwa ta ufa toika mbatata m'kati, ufa uli m'mikono. Sanadabwe kumuona Orest pakhomo.

"Vula nsapato, Orest, ndakolopa. Khofi ali pamoto."

"Sindinabwerere khofi."

"Ndikudziwa. Khala pansi basi."

Orest anaika phazi la ndodo patebulo, pakati pa ufa ndi mbatata. Lesia analiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kumata.

"Wally ali bwanji?" anafunsa.

"Sakudziwa ngati diso lipenyenso."

Manja a Lesia anaima. Anakhala pampando mwadzidzidzi.

"Sindinkafuna zimenezo. Mulungu ndi mboni. Bambo anga ndodo yawo ikang'aluka, inkangofewa, n'kuitaya kuseri kwa khola. Ndinkaganiza kuti iyinso ichita chimodzimodzi. Ndinangocheka pang'ono, pang'ono zedi. Ndimati ifooke, aphonye kawiri katatu, aikwiyire, abwerere ku ndodo zimene ndimam'gulira ine."

"Chifukwa chiyani, Lesia?"

"Ukufunsa?" Anadzutsa mutu, maso ali gwa. "Kuyambira tili pachibwenzi, ndodo iliyonse ya bambo a Katya ndakulunga ndine. Loweruka lililonse, patebulo lino. Ali mnyamata, ali pachimake, atayamba kukalamba, ine ndi tepi yanga ndi kandulo yanga. Ndiye Lachinayi akulowa muno akuimba mluzu, ndodo ili ndi tepi yoyera. Dzanja la mkazi wina pamalo panga! Kupatsidwa ndodo ndinapirira. Anthu kunong'ona kutchalitchi ndinapirira. Koma tepi, Orest? Ndinaimatula ndi mano."

Orest anayang'ana pansi. Mkazi uyu anali wofatsa moyo wake wonse, wosakweza mawu ngakhale kwa galu, ndipo taonani moto umene unali m'kati mwake. Motowo sunayakire iye ngakhale tsiku limodzi.

"Remi amuimitsa ntchito," anatero.

"Ndamva. Ndimati ndimalize mapirogiwa, kuti bamboyo asagone ndi njala, kenako ndibwere kwa iwe ndekha." Anapukuta manja pa epuloni. "Koma undiuze chinthu chimodzi. Iwe sunandinamizepo. Wapita kwa mkazi uja, ndaona galimoto yako. Kodi pali kanthu pakati pawo?"

 Orest anaona njira ili pululu patsogolo pake. Sankafunika n'kunama komwe. Akanangokweza mapewa, kapena kunena kuti zimenezo si za apolisi, ndipo banja la Thorlakson likanang'aluka lokha. Anali atalota mphindi ngati imeneyi kwa zaka zosawerengeka, ndipo itafika anapeza kuti akuifunadi, ndi mtima wake wonse.

"Palibe," anatero. Mawuwo anatuluka ngati akuzula dzino. "Anam'patsa ndodo kuti akope makasitomala. Akuti mwamuna wako amatopetsa, sakamba china koma iwe."

Lesia anaphimba nkhope ndi epuloni n'kuyamba kulira, ndipo Orest sanathe kudziwa ngati akulira chisoni kapena chimwemwe.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka ndi mphamvu.

* * *

Gunnar analowa ndi nsapato zachipale, osavula. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana phazi la ndodo patebulo, n'kuima pakati pa Lesia ndi wapolisi.

"Ndine," anatero. "Ndinacheka ndine. Ndimafuna ithyoke kuti andipatse ina yatsopano. Lemba zimenezo, Orest. Mkazi wanga sakudziwa kanthu."

"Bambo a Katya, musatero," anatero Lesia.

"Khalani chete, mayi. Fumbi lakuda lija pansi pa tebulo Loweruka ndinaliona, ndinangoti ndi dothi. Ayi, ndikutanthauza kuti ndinalisiya ndine." Anatambasula manja onse awiri kwa Orest. "Manga. Si zimene wakhala ukufuna chibadwire? Usaganize kuti sindidziwa. Lero ndi tsiku lako, aise."

Ndipo linalidi tsiku lake. Gunnar Thorlakson, manja ali patsogolo, akupempha yekha unyolo. Tauni yonse ikanaima m'mawindo kuonerera. Woweruza akanalandira kuvomera kwake mosavuta, Remi akanabwerera pa basi, Lesia akanatsala panyumba, ndipo wina akanafunika kumam'kolopera chipale pakhomo. Dzanja la Orest linafika palamba, n'kukhudza chitsulo chozizira.

M'malo mwa unyolo anatulutsa mpukutu wa tepi m'thumba la jekete. Anatenga ndodo yakale imene inatsamira kuseri kwa chitseko n'kum'patsa Gunnar zonse ziwiri.

"Wocheka ndi amene anakulunga. Kulunga ndione."

"Zachibwana zimenezo."

"Kulunga."

Gunnar anafufuza poyambira tepi ndi chikhadabo, osapapeza. Atapapeza anayambira pakati pa phazi. Tepi inapindika, inadzimata yokha, inamata chala chake chachikulu. Anakoka, inaduka. Anayambiranso, thukuta lili kamukamu pamphumi, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati bandeji yomangidwa ndi woledzera. Katswiri wa Brekka, munthu amene chithunzi chake chinapachikidwa pakhomo la bwalo, sankadziwa kukulunga ndodo yake. Sanafunikepo kudziwa.

"Bweretsani kuno, mukuononga tepi ya mwini," anatero Lesia mofatsa, n'kumulanda ndodoyo m'manja.

Gunnar anagwa pampando. "Ndinadziwa ndili pa ayezi pomwepo," anatero, mawu aja aakulu atasanduka a mwana. "Nditangoona pothyokapo. Ndiye ndinatchula Remi. Ndikapepesa kwa iye, ndikagwada pakhomo pake tauni yonse ikuona. Koma Orest, mnzanga, m'bale wanga, ameneyu yekha ayi."

"Ukapepesadi, ndipo ukafotokozanso kupolisi chifukwa chimene unanamizira munthu wosalakwa," anatero Orest. Anatembenukira kwa Lesia, koma sanathe kumuyang'ana kumaso. "Mayi Thorlakson, valani jekete. Tikuyenera kupita."

Lesia anazimitsa moto, anavundikira mapirogi ndi nsalu, navala. Orest sanatulutse unyolo. Ali pakhomo anaimbira a sukulu kuwauza kuti Remi Chartrand alibe mlandu, ndipo mawa ayendetse basi yake.

Orest atatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto ya polisi, Lesia analowa, Gunnar n'kulowanso pambuyo pake.

"Iwe sindinakumange," anatero Orest. "Tsatira pagalimoto yako."

"Ndiye undimange. Muno sindituluka."

Orest analiza injini. Msewu wa kupolisi umadutsa pakati pa tauni, ndipo anthu anaimadi m'mawindo, monga iye ankafunira. Pa kagalasi koonera kumbuyo anaona Gunnar atagwira manja a mkazi wake, akuwapukuta ufa ndi mpango, chala chimodzichimodzi.

"Mpaka sowo, mayi?" ankanong'ona Gunnar. "Pa ukalamba uno? Chifukwa cha ine?"

"Mukadzalolanso wina kukhudza ndodo yanu," anayankha Lesia akusisima, "sindidzachekanso ndodo."

Anaseka onse awiri, misozi ili m'masaya, anthu opita kukayankha mlandu umene ukanatha kuwalanda zonse. Orest anali atapeza wolakwa, atapulumutsa wosalakwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Gunnar Thorlakson anali kumbuyo kwake. Koma akanapatsidwa mwayi, akanapereka yunifolomu, galimoto ndi dzina lake labwino kuti akhale iye pampando wakumbuyowo.

Anakweza dzanja n'kutembenuzira kagalasi kaja kudenga.